Chotupa Chilipo, Njuchi Sikuoneka

Mu Okutobala 2024, mkulu wina wa ku San Jose ku America, Luke Durant, anabwereka makompyuta m'maiko 17 n'kutulukira nambala yoti kuitchula kokha kungadye chaka ndi miyezi yoposa itatu, munthu akutchula dijiti imodzi pa sekondi, osagona, osapita kumaliro. Ndandalikani ma 2 okwana 136,279,841, muwachulukitse onse, muchotsepo 1. Yankho lili ndi madijiti 41,024,320. A National Statistical Office, omwe likulu lawo lili mu Zomba momwemuno, anapeza anthu 17,563,749 pa kalembera wa 2018. Ndiye kuti Mmalawi aliyense, ndi makhanda omwe, atalandira madijiti awiriawiri, pangatsalebe oposa 5 miliyoni oti mafumu akanganirane.

Agogo akanangogwedeza mutu: chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma.

Poyamba masamu amaoneka kuti ali mbali ya agogo. Nambala ya Durant yatchuka chifukwa ndi prime yaikulu kuposa ma prime onse odziwika, kutanthauza kuti siigawika. Mnyamata wogulitsa masitiroberi pamsewu wokwera ku Ku Chawe akakhala ndi zipatso 15 amaunjika milu itatu ya zisanuzisanu. Zikakhala 17, aunjike chotani, zina zimatsala. Wonena kuti 15 imagawika amaloza njuchi yake, 3 kapena 5, mlandu n'kutha.

Nambala zikakula, mwambi umayamba kutsimphina. Mu 1876 Édouard Lucas wa ku France anatsimikiza kuti ma 2 okwana 67, kuwachulukitsa n'kuchotsapo 1, amabereka nambala yogawika, koma choigawacho sanachitchule. Njira yake imaonetsa chotupa chokha. Panadutsa zaka 27 mpaka Frank Nelson Cole, pamsonkhano wa ku New York mu 1903, analemba pabolodi 193,707,721 kuchulukitsa ndi 761,838,257,287, n'kukakhala pansi osayankhula ndi liwu limodzi lomwe.

Mlandu wina ukadali m'bwalo. Ma 2 okwana 1,277, kuchotsapo 1, amatulutsa madijiti 385 okha, okwana patsamba limodzi la kope ya mwana wa pulayimale. Kuti nambalayi imagawika, palibe amatsutsa. Choigawa sichinapezeke. Tangoganizani nkhaniyi itafika pamaso pa amfumu, mboni zake aphunzitsi a masamu a pa yunivesite ya ku Chirunga.

"Mwalumidwa?"

"Eya, amfumu."

"Yakulumaniyo ndi iti?"

"Sitikuidziwa, koma maonekedwe ake tili nawo. Mukaigawa ndi 2,554 pamatsala 1."

"Zooneka choncho zilipo zingati?"

"Makompyuta akuzifunsa imodziimodzi, amfumu, koma onse obwera pabwalo pano adzakalamba mzere usanafupike."

Amfumu angalamule odandaula kuti alipire nkhuku chifukwa chowatayitsa nthawi. Komatu mbonizo sizikunama, ndipo umboni wawo ndi wolimba kuposa wa milandu yambiri imene imagamulidwa tsiku lomwelo. Chosiririka mwa anthu a masamuwa n'chakuti sagwira njuchi yongodutsa kuti bwalo libalalike msanga. Dzina likasowa amavomera kuti lasowa, kusaka n'kumapitirira.

Wokwera phiri la Zomba masiku ano amakumana ndi chotupa cha mtundu wina. Malo amene kunkachita mdima ndi mitengo ya paini, ena mwa iwo kufupi ndi damu la Mulunguzi limene tauni yonse imamwako, kwatsala zitsa ndi mapulusa. Ukafunsa, yankho ndi chuluke chuluke weniweni: ndi anthu, ndi umphawi, ndi amoto, ndi ena ake akuluakulu. Pano maonekedwe a njuchi sasowa kompyuta. Matabwa ndi nkhuni zimatsika dzuwa lili pamutu, pamitu ndi panjinga, ndipo ambiri oyenera kuloza chala amakhala ali m'munsimu kunenerera mtengo.