Thandala Loswerapo Mbale

Kumudzi timamanga thandala kuti mbale ziume bwino, zisagwe n'kusweka. Kuno ku England ndinakumana ndi mbale wake wa thandalalo, koma wa ntchito yotembenuka: mbale amazisanjapo kuti ziswedwe. Kunali ku kalabu ina ya owombera mfuti kumene mnzanga wakuntchito ananditengera Loweruka lina. Lero ndavula chipewa, ndagwada, ndikuti ndiwatamande a Thandala amenewa, poti palibe wina amene angatero.

Ulemu wonse amadya ndi timbale. Eni ake amatitcha nkhunda zadothi, chikhalirecho nthenga tilibe, ndipo tambiri dothi lenilenilo mulibe; amatiumba ndi phula losakaniza ndi miyala ya laimu yopera. M'mimba mwake ndi masentimita 11, kulemera kwake magalamu pafupifupi 105, pamsana atatipaka utoto wa olenji. Mbiri tili nayo. George Ligowsky wa ku Cincinnati analembetsa luso lotiumba mu 1880, nthawi imene anthu ankapikisanabe powomba nkhunda zamoyo. Pa Olimpiki ya ku Paris mu 1900 nkhunda pafupifupi 300 zinafera masewera, ndipo Britain inadzaletsa mchitidwewu mu 1921. Kambale kanabwera kudzafera nkhunda. Nanga wofera kambale ndani? Ndi inu, a Thandala.

Timbale tina amatiponya m'mwamba ndi makina, timauluka ngati mbalame n'kufera m'malere anthu akuomba m'manja. Koma wa mfuti yampweya kapena ya .22 amafuna chandamale chokhazikika, ndiye pamafunika wochinyamula. Apa m'pamene mumabadwira inu, m'galaja ya mkulu wina wopuma pantchito. Msana wanu ndi thabwa lozula ku paleti. Mwendo wina unali wa mpando, winawo chigwiriro cha tsache. Manja anu ndi misomali yokhota, waya wopachikira malaya, ndi mapegi asanu amene amayi akunyumbako akuwafunafunabe pachingwe choyanikira zovala. Mukaima mumapendekeka ngati munthu wochokera ku mowa wamasese, mpaka wina akuchirikizeni ndi njerwa. Mwa mafumu onse, ndani anavalapo chisoti cha mapegi?

Akuluakulu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, poopa kuswa mkhatewo. Kuno mwambiwu anaupinda n'kuuika m'thumba. Khoswe akakhala pamkhate amawomba ndithu, ndipo kawirikawiri wofa ndi mkhate, khoswe ali phee.

Ndikunena zimene ndinachita ndi manja angawa. Ine amene ndinakula ndikugwetsa zitini ndi legeni, ndinagwira mfuti modzikhulupirira. Ndinatsinzina diso, n'kuwomba. Kambale kali chiyang'anire. Kachiwiri, pegi inadumpha. Kachitatu, thabwa linalavula tizibenthu toyera. Kachisanu ndinamva kuti khwa! mwendo wa tsache uja wathyoka, inu n'kugwada pang'onopang'ono ngati nkhalamba yolonjera mfumu. Timbale tonse tinagubudukira pa udzu, tamoyo, topanda ndi mng'alu womwe.

"Ndi mphepo imeneyi," ndinatero. Mnzanga anayang'ana mitengo, masamba ali zii, sanayankhe.

Ukulu wanu wagona pamenepa, a Thandala. Woponya mfuti aliyense ali ndi chonamizira: dzuwa linamuthobwa m'maso, mfuti ndi yobwereka, magalasi anawaiwala m'galimoto. Kambale sikangamutsutse, poti kakasweka kamasanduka fumbi, kakapulumuka amakabwezera m'katoni. Mboni yokhayo yotsala ndinu. Chiboo chilichonse pathupi panu ndi siginecha ya munthu amene madzulo ake anakauza anzake kuti lero dzanja linali bwino. Mumasunga zinsinsi za kalabu yonse kuposa nankungwi, osatsegula pakamwa.

Ndipo muli ndi mtima wabwino. Wina angati bwanji osakupangani ndi chitsulo kuti mukhalitse? Chitsulo n'chamangawa. Chipolopolo chikachimenya chimatha kunjanja n'kubwerera kumene chachokera, n'chifukwa chake oyang'anira malo owomberapo sachionera kukondwa chikayandikira. Inu a thabwa nthawi zambiri mumangomeza. Wokulasani simumubwezera, mwinanso mumamupulumutsa diso. Alaliki akafuna chitsanzo cha kukhululuka asavutike n'kufufuza, abwere adzaone paleti yobooka.

Malipiro anu nanga? Wopambana amapita ndi chikho. Mfuti amaipukuta ndi mafuta, n'kuigoneka m'chikwama chofewa ngati khanda. Inu amakukokerani kuseri kwa shedi, mvula ya ku England n'kumakukhathamiritsani sabata yathunthu. Loweruka likafika amakukhomani chigamba pamwamba pa chigamba, mpaka pa thupi lanu loyamba lija pamatsala msomali umodzi. Tsiku lomaliza amakuponyani pamoto, anthu omwe anakubowolaniwo n'kumaothera manja.

Tsono inu oponya mfuti, mukamadzagawana zikho chaka chino, kumbukirani amene anaima kutsogolo kwa mfuti zanu osaphethira. Ine mlandu wanga ndauvomera. Loweruka likubwerali ndikupita ndi chipepeso: thabwa limodzi, misomali inayi, ndi tsache latsopano loti tidulepo mwendo.