Dona wa pa jekete ya kaunjika

Mukamandiona ndikufukula mulu wa kaunjika mumsika wa Ndirande musamati ndikufuna jekete. Jekete ndili nayo imodzi, ndipo imatumikira ku ukwati ndi kumaliro komwe. Ine ndimasaka chuma chamakedzana, ntchito imene mayi a kunyumba amaitchula kuti kutola zinyalala.

Matendawa si anga ndekha. Kuchokera ku Bangwe mpaka ku Machinjiri, aliyense ali ndi msuweni amene amadziwa munthu wina amene analemera atagulitsa simbi yamakala ya tambala pamwamba, kapena rupiya ya Ajeremani. Wolemerayo saoneka. Ukafunsa amati anasamukira ku Nyambadwe ndipo anasintha nambala. Ine ndinayambira pa makobiri obowoka pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinatha mu 1963. Mpaka lero ali m'chitini, akudikira mzungu.

Ndiye tsiku lina pakolala ya chijasi cha gogo wina wakunja ndinapeza kaphini kokongoletsa pachifuwa, kozungulira ngati dzira, pakati pali nkhope yoyera ya dona woyang'ana kumbali, tsitsi atamanga mfundo. Mtima unagunda. Kuti wogulitsa asatulukire, ndinagula chijasi chonsecho, chaubweya, mu Okutobala.

Mphwanga wa ku Chilomoni, amene foni yake imadziwa zonse kupatula kumene kuli ntchito, anati kanthuka dzina lake ndi cameo. Zenizeni amazisema pa mwala kapena pa chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere. Chigobacho chimakhala choyera pamwamba, chofiirira pansi, choncho mmisiri amapala pang'onopang'ono mpaka nkhope yoyera itatsala pa malo ofiirira. Akatswiri ake ali m'tauni ya Torre del Greco, pafupi ndi Naples ku Italy, ndipo zina mwa nkhonozo zimachokera kugombe la kum'mawa kwa Africa konkuno. Mfumukazi Victoria, yemwe uja dzina lake lili pa msewu wa mabanki m'tauni muno, ankazikonda kwambiri, ndipo akazi a ku Mangalande anatengera. Iye anamwalira mu 1901. Ndinawerengetsa zaka ndi zala, ndipo pofika kunyumba ndinali nditagula kale minibasi ziwiri m'mutu, ina ya Limbe ina ya Chirimba.

Usiku ndinamuika donayo pansi pa pilo. M'mawa ndinadzuka mayi a kunyumba ataima pakhomo la kuchipinda, dona ali m'manja.

"Bambo a ana, ameneyu ndani?"

"Sindikumudziwa, mayi."

"Simukumudziwa, koma akugona kumutu kwanu?"

Ndinati ndi wa ku Italy. Zinthu zinaipiratu. Ndinati ali ndi zaka zoposa 100. Iwo anati amuna a masiku ano mukaona khungu loyera simufunsanso zaka. Nkhani inatsala pang'ono kufika kwa ankhoswe, ndipo ine sindikanakonda kukafotokoza pamaso pa atsibweni kuti wosokoneza banja langa alibe miyendo.

Pofuna kudziyeretsa ndinawauza kuti zovala zigoba si zachilendo kwathu kuno. Makolo athu ankalemekeza mphande, kachigoba koyera kozungulira kochokera kunyanja yamchere, kamene mafumu ankavala. Mu 1854 mfumu Shinte ya Alunda inapatsa David Livingstone mphande imodzi, ndipo iye anauzidwa kuti mphande zisanu zinkagula mnyanga wa njovu. Amalonda a ku Ulaya ataona mmene tinkazifunira anayamba kuumba zabodza, za dothi lopangira mbale, n'kumazibweretsa zambirimbiri. Mbali imeneyi ndikanaisiya. Mayi anangofunsa kuti, "Ndiye poti ananamiza agogo anu, inu akuopani chifukwa chiyani?"

Mayeso anachitika Loweruka pakhonde, anthu a pa lendi onse ali pomwepo. Mphwanga ankawerenga pa foni. Choyamba, yeniyeni kumbuyo kwake kumakhala kolowa m'kati potsatira kupindika kwa chigoba. Yanga inali yosalala see. Ndinati zaka zinaiwongola. Chachiwiri, yamwala imazizira ukaigunditsa patsaya. Yanga inali yofunda, koma ndani safunda ku Ndirande mu Okutobala? Chachitatu ndi singano yotentha: chigoba sichisungunuka. Akuti odziwa zinthu salola mayeso amenewa chifukwa amaononga katundu, koma mawu amenewo mphwanga anawawerenga mochedwa. Mayi anali atatenthetsa kale singano pambaula, ndipo anasankha okha malo obaya.

Mphuno ya dona inalowa m'kati, kautsi kanatuluka, khonde lonse linanunkha beseni lopsa. Mwana wa aneba anaomba m'manja.

Panopa dona wopanda mphuno uja akugwira ntchito yotseka chibowo cha neti, ndipo chijasi chaubweya chinasanduka chopondera pakhomo. Koma mphwanga wandilimbitsa mtima. Akuti amalonda a zakale amawerengera chinthu kuti ndi chamakedzana chikakwanitsa zaka 100, ndipo alipo ena amene amasonkhanitsa ngakhale za pulasitiki zakalekale. Kungoti nkhani yake ndi yofuna kudekha.

Alandilodi atabwera kudzafunsa lendi ya miyezi iwiri imene sindinalipire, ndinawafotokozera zonsezi bwinobwino, n'kuwapempha kuti tigwirizane za nthawi. Anamvetsera mpaka kumapeto, anayang'ana dona pa neti, kenako anafunsa ngati wailesi yanga nayonso ndi yamakedzana, kapena imalira.