Chingerezi Chobisa Mwini Ntchito

Amalawi a ku Johannesburg aphunzira galamala ya Chingerezi osalipira fizi. Mu 2023, kampani ya Eskom ikuthimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse, zidziwitso zinkakonda kalembedwe kamene aphunzitsi amati passive voice: magetsi adzathimitsidwa, mawaya abedwa, vuto likufufuzidwa. Akufufuza ndani? Chiganizo chimatha mwini ntchito asanatulukire. Msewu wa Lilian Ngoyi utaphulika mu Julayi chaka chomwecho, anthu anauzidwa kuti ukonzedwa, ndipo galamalayo sinaname, kungoti msewuwo unadikira zaka ziwiri. Komatu tisawaseke kwambiri eni dziko. Mwana wa ku Ntcheu akagwetsa mbale amathamangira kukauza mayi ake kuti yasweka, chonsecho ku yunivesite ya Wits sanapondeko.