Timiyala tabuluu ta m'kasitolo kakale

Inali nyengo ya dzinja, pamene masamba amachuluka ndipo ife othyola tiyi timaweruka misana itatheratu. Mvula inandipezera kumunda wa kumtunda, ndiye ndinakabisala m'kasitolo kakale kobooka denga. Pakona, pansi pa masaka owola, panali timiyala tabuluu tonyezimira, ta m'mbali mosalala ngati wina wachita kusema.

Mtima unagunda. Ndani sanamvepo za ruby ndi sapphire wa ku Chimwadzulu ku Ntcheu, kapena aquamarine wa ku Mzimba? Ndinatikulunga m'mpango, osauza ngakhale kapitawo. Usiku nditawaonetsa mayi a kunyumba, anangoti, "Bambo, zinthu zotola m'sitolo ya eni ake zingakhale chuma?" Sindinawamvere. Ndinawaumiriza kuti akakongole ndalama ku banki mkhonde, ine ndiyendere ku Limbe kukasaka ogula.

Timiyalato ndinatibisa patsanja, pamwamba pa moto. Tsiku loti ndinyamuke nditamasula mpango, ndinapeza tatuwa, tina tikuyoyoka ufa woyera. Ndinati ndi phulusa, n'kutithira m'beseni kuti nditsuke. Madzi anabiriwira, timiyala tikuchepa m'manja mwanga ndikuona. Ndinasokonezeka mutu, n'kulisiya beseni pakhonde pomwepo. Nkhuku zinamwa madziwo, zina zinafa. Koma chimene chimandisowetsa tulo mpaka lero n'chakuti mwana wathu wamng'ono anatola kachidutswa n'kuika m'kamwa. Anasanza kwambiri, akulira m'mimba, ndipo tinathamangira naye kuchipatala pa kabaza. Mulungu ndi wabwino, anachira.

Amene ananditsegula maso ndi aphunzitsi ena opuma ntchito a mumpingo mwathu. Anatenga kotsalako n'kukanda ndi mpeni, kanakandika mosavuta. Kenako anasungunula pang'ono m'kapu, n'kuviikamo msomali watsopano. Posakhalitsa msomali uja unafiira.

"Achimwene, kufiiraku ndi kopa," anatero. "Awa ndi mankhwala aja opopera mbewu, copper sulphate."

Anandifotokozera kuti mchere umenewu ukapezeka wokha m'chilengedwe umatchedwa chalcanthite, ndipo ndi wosowa chifukwa umasungunuka ndi madzi. Umakhalitsa m'migodi ya kopa ya m'madera ouma gwa, monga Chuquicamata ku Chile. Kuno ku Thyolo, kwa mvula ndi chiperoni, sungagone panja. Wanga uja unapangika pamene mankhwala oiwalika ananyowa ndi kudontha kwa denga, n'kumauma pang'onopang'ono. M'kati mwake mumakhala madzi, timadontho tosaoneka ndi maso (mamolekyu) 5 pa molekyu iliyonse ya mcherewo, ndipo madziwo akachoka ndi kutentha ubuluu umathanso. N'chifukwa chake unatuwa patsanja paja. Pa muyeso wa Mohs wa kulimba kwa miyala, chalcanthite ali pa 2.5, pomwe sapphire ali pa 9. Sapphire mpeni sumulowa, amakanda galasi, ndipo angagone m'madzi chaka chonse osasintha.

Mpeni, kapu ya madzi ndi msomali: zonsezi zinali m'nyumba mwanga tsiku lomwe ndinkatuma mkazi wanga kukatenga ngongole. Ndalamazo zinathera kwa wakabaza ndi kusamalira wodwala, ndipo tikubwezabe ndi chiwongoladzanja chake.

Anzanga a m'maesiteti, m'masitolo akale ndi m'maenje otayamo zinyalala mumatsalira mankhwala okongola m'maso. Mukatola mwala wonyezimira, musaunyambite pofuna kuudziwa. Ukandeni ndi mpeni, kachidutswa muike m'madzi, ndipo ngati mukukayikabe, akatswiri a Geological Survey Department ali ku Zomba. Ukasungunuka, kauzeni kapitawo kuti malowo atsekedwe, ana athu amasewera komweko.