Chitupa Chili Kuti, Tate?

Nkhondo ya Hitler itabuka mu 1939, boma la atsamunda ku Northern Rhodesia linadzipatsa mphamvu zapadera, ndipo munthu wakuda wapaulendo ankayamba wafunsidwa chitupa asanapatsidwe moni. Chitupacho chinalipo kale, kapepala kosonyeza dzina, mudzi, mfumu ndi msonkho. Nkhondo inangowonjezera ochifunsa. Ku Petauke ndi ku Nyimba nthabwala za masiku amenewo zikadalipo, ndipo wosimba aliyense amalumbira kuti zinagwera amalume ake enieni.

Nthawi imeneyo Nyimba inali pansi pa boma la Petauke. Akuti bambo wina wa kwa Ndake anamva kuti ulendo wautali ufuna kalata ya Bwana DC. Anamanga kamba wake, nthochi ndi mbatata zootcha, n'kuyenda wapansi mpaka ku boma. Kalaliki anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kalata yokulolani kubwera kuno ili kuti?"

"Ndiyo ndadzera, bwana."

"Ndiye mwayenda popanda kalata. Bwererani, mukabwere nayo."

"Ndikaitenge kuti?"

"Kuno."

*

Pa mlatho wa Luangwa, pamsewu waukulu wochoka ku Fort Jameson kupita ku Lusaka, mesenjala anagwira mnyamata ali ndi chitupa cha mkulu wake.

"Iwe, mwini chitupachi anamwalira chaka chatha. Ine ndinali pamaliro, ndinadya ndi nsima yomwe."

"Zikomo kwambiri pobwera kudzandiika, tate."

"Ndikumanga!"

"Mangani. Koma mukamuuze Bwana DC kuti chaka chino walandira msonkho kwa wakufa, chidindo chake ndi ichi."

Mesenjala anaona chidindo, anaona mnyamata, n'kumuuza kuti aoloke msanga dzuwa lisanalowe, poti iye sakonda kucheza ndi mizimu usiku.

*

Apwitikizi sanalowe nawo nkhondoyo, choncho malire a Mozambique, omwe ali chakumwera kwa Petauke ndi Nyimba, ankawadetsa nkhawa Angerezi. Koma malirewo analembedwa ndi anthu amene sanalimepo kumeneko. Gogo wina nyumba inali kwa Angerezi, munda kwa Apwitikizi. M'mawa wina wapolisi anamuimitsa, khasu lili paphewa.

"Ambuya, mukutuluka m'dziko nthawi ya nkhondo. Chilolezo?"

"Ndikupita kukapalira, mwanangu."

"Mundawo uli kudziko lina. Simungadutse malire popanda chilolezo."

"Nanga malirewo podutsa pakati pa nyumba yanga ndi mapira anga anapempha chilolezo kwa yani? Kawafunse iwowo poyamba, ine udzandipeza pobwerera."

*

Nthabwala iyi ndiyo ndimaikonda, ngakhale kuti chiyambi chake n'chowawa. Mu 1942 boma linayamba kugwira amuna mokakamiza kuti akalime m'mapulazi a azungu m'mbali mwa njanji, ati chakudya cha nkhondo. Anthu ankangoti chibalo. Mesenjala akaonekera ndi chisoti chake chofiira, amuna onse ankasanduka alenje mwadzidzidzi.

Mudzi wina wa kwa Kalindawalo, bambo wina anachedwa kuthawa. Akazi anamuveka nsalu ndi duku, n'kumupatsa munsi kuti azisinja. Vuto linali ndevu, zomwe zinkafika pachifuwa. Tsono mesenjala amene anafika tsikulo anali atakwatira m'mudzi momwemo. Atayamba kulunjika kumtondo, nyakwawa inamugwira mkono.

"Akamwini, mukupita kuti? Awo ndi apongozi anu aakulu, afika dzulo kuchokera kuchigwa."

Mesenjala anazyolika pomwepo, anavula chisoti, anaomba m'manja ali chogwada nkhope itayang'ana kutchire, n'kupatuka njira monga mwambo ufunira. Atafika patali ananong'oneza nyakwawa:

"Koma apongoziwo mawu ngaakulu."

"Fodya, mwanangu. Fodya wa kuchigwa."

*

Panalinso zipata za kashembe, pomwe galimoto inkaimitsidwa n'kupoperedwa mankhwala kuti isanyamule ntchentchezo kupita nazo kwa ng'ombe. Lole itaima, anthu atatsika, zitupa zili m'manja, kashembe mmodzi anauluka pamwamba pa chipata n'kumapita. Mdala wina anakuwa: "Bwana, uyo wadutsa wopanda chitupa! Ife tikudikirani, m'thamangitseni."

*

Asilikali a Northern Rhodesia Regiment anakamenya nkhondo mpaka ku Burma. Mmodzi akubwerera kwawo ku Petauke, mamendulo ali pachifuwa, anaimitsidwa pamlatho.

"Chitupa?"

"Ndaoloka nyanja yamchere, ndafika ku Burma, palibe anandifunsa chitupa."

"Popita sitifunsa, achimwene. Timafunsa obwerako."

*

Zitupa zambiri zinapsa pamoto mu 1961, nthawi ya zipolowe zofuna ufulu zotchedwa Cha Cha Cha. Koma lamulo la mphamvu zapadera lomwe linaikidwa mu 1964 linakhala mpaka 1991, ndipo pamene nkhondo inkayaka ku Mozambique ndi ku Rhodesia, mlatho wa Luangwa unkalondedwa ndi asilikali. Basi ikafika, onse pansi, chitupa chatsopano chotchedwa reji m'manja, katundu chitsegulire. Msilikali wina anavundukula dengu la mayi wogulitsa nsomba zouma.

"Amayi, nsombazi zachokera kuti?"

"Mumtsinje momu."

"Mbali ya Zambia kapena ya Mozambique?"

"Zifunseni nokha, bwana. Pakamwa zayasama kale."