Kompyuta Yogula Chiduswachiduswa

Ntchito yanga ndi yojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Blantyre. Kujambulako n'kosavuta. Chotopetsa ndi kudula ndi kulumikiza, makamaka masiku ano pamene mkwatibwi aliyense akufuna 4K ngakhale akudziwa kuti azikaonera pafoni. Laputopu yanga inali itakalamba. Ndikatsegula DaVinci Resolve, fani yake inkayamba kubuula, chithunzi n'kuuma mkwati ali kukamwa yasa. Choncho ndinauza mayi a kunyumba kuti pakufunika kompyuta ya patebulo, yamphamvu, yomanga ndekha, kugula zipangizo pachokhapachokha kuti titchipitse. Zonsezo zinali zoona. Chomwe ndinameza n'chakuti mtima wanga unali pa mpira wa EA Sports FC ndi GTA V, magemu omwe ndinkangoonera anzanga akusewera.

Sukulu yanga yonse inali YouTube, pabandulo yausiku. Anyamata a m'mavidiyomo amamanga kompyuta akumwetulira, kanyimbo kakulira chapansipansi, ndipo pomaliza sipatsala sikuluu ngakhale imodzi. Koma iwo amayamba ndi pepala: pulosesa iyi imakhala pa motherboard iti, motherboard imeneyo imalandira RAM yamtundu wanji, bokosi n'lalitali bwanji, magetsi akufunika ochuluka motani. Gawo limenelo ndinkalidumpha chifukwa linkandigonetsa. Ine ndinayamba ndi mantha. Mu Novembala 2023 kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya katundu wakunja inkakwera m'mawa ndi madzulo, ndiye ndinati chilichonse chomwe ndachipeza chotchipa ndigule lero lomwe, zoti zigwirizana kapena ayi tidzaona mawa.

Choyamba kulowa m'nyumba chinali RAM, timitengo tiwiri ta DDR4, 32GB pamodzi, togula kwa munthu wina pa Facebook. Tinakumana pamsika wa Limbe, ndinabwerera kunyumba ndikudzimva wochenjera. Kenako ndinatuma alamu anga a ku Johannesburg kuti andigulire graphics card, RTX 3060 ya 12GB. Miyezi inadutsa. Mayi a kunyumba atanditengera ngongole ku banki nkhonde yawo, m'dzina lawo, mtima unakula. Ndinati bwanji ndigule zakale pamene zatsopano zilipo? Ndinatumanso alamu: Ryzen 5 7600 ndi motherboard yake ya AM5, soketi yomwe AMD inatulutsa mu 2022.

Katundu wa ku Joni amayenda pabasi, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndipo munthu woyembekeza amaonda. Atafika, ndinasesa pabalaza, kuthamangitsa ana, n'kuyala zonse patebulo lodyera.

RAM inakana kulowa. Ndinaitembenuza, inakana. Ndinakanikiza ndi zala ziwiri zazikulu mpaka zinachita mikwingwirima, kachitseko kena ka m'mbali n'kuthothoka kugwera pansi pa mpando. Ndinafika poganiza zokatenga kafayilo ka zikhadabo ka mayi a kunyumba kuti ndikulitse kampata ka pa RAM. Mulungu yekha ndiye anandigwira dzanja. DDR4 ndi DDR5 zonse zili ndi timano 288, kukula kwake n'kofanana, koma kampata ka pakati anakaika posiyana dala kuti anthu ngati ine tisaotche zinthu. Ndipo AM5 salandira china koma DDR5 basi. Zimenezi zinalembedwa pa katoni, ndi zilembo zazikulu, pamalo pomwe ndinaikapo kapu ya tiyi.

"Alamu, mundigulirenso RAM ina."

"Ija munkanyadira ija yatani?"

"Yachepa," ndinatero. Bodza limenelo sindinalivomerebe mpaka lero.

Za bokosi ndisachedwepo. Ndinagula la kaunjika, lokongola, koma graphics card inali yaitali kuposa malo ake, moti ndinachita kuchotsa kashelefu ka ma hard drive ndi pulayazi. Chingwe cha power supply chinabwera ndi pulagi ya ku South Africa, ya miyendo yobulungira, pamene masoketi athu amafuna ya miyendo yamakona. Ndinaona kuti chingwe cha rice cooker chikulowa bwinobwino, ndinachitenga.

"Bambo, chingwe cha mpunga chapita kuti?"

"Chili pantchito, mayi."

Tsiku limenelo tinadya nsima yophika pambaula, m'nyumba muli zii.

Koma inayaka! Timagetsi tofiira ndi tobiriwira, mafani kuzungulira, Windows kulowa. Ndinaitana aneba. Iwo atapita, ndinakhoma chitseko n'kutsegula mpira wanga uja. Osewera ankayenda modukizadukiza ngati galimoto yothiridwa petulo wosakaniza ndi madzi. Ndinatsitsa zonse zokongoletsa chithunzi, udzu wa m'bwalo n'kusanduka phala lobiriwira, komabe mpira ukachoka kuphazi unkaonekeranso uli kale muukonde wanga. Pa ntchito nazonso zinali chimodzimodzi: vidiyo ya ukwati wa ku Chilomoni inkatenga nthawi yofanana ndi ya palaputopu ija. Pamwamba pa izo, kutentha kwa pulosesa kunkafika madigiri 95 n'kukhala pomwepo. Ndinanamizira dzuwa la Okutobala. Ndinanamizira alamu, mumtima, kuti anandigulira zachinyengo n'kudya ndalama yotsalayo, ndipo kwa kanthawi ndinkawayankha mwachidule pa WhatsApp. Ndinaika fani ya kuchipinda kutsogolo kwa bokosilo, ife n'kumagona thukuta lili kamukamu.

Amene anandivula ndi mwana wa achemwali anga, mnyamata wa fomu 4, yemwe anabwera kudzatenga ndalama ya mayeso. Anaima kumbuyo kwa kompyutayo, osakhudza kanthu, akungoyang'ana.

"Amalume, chingwe cha sikirinichi mwachilowetsa pamwambapa dala?"

"Iwe, pamenepo ndi pomwe pali bowo lake."

"Mabowo ena ali pansipa, amalume. A graphics card."

Ndinali nditalumikiza HDMI ku motherboard. Ryzen 7600 ili ndi kagawo kakang'ono kojambula zithunzi mkati mwake, kokwanira kulembera kalata ndi kuonera YouTube, ndipo ndi kameneko komwe kankasenza magemu anga ndi maukwati onse. Akanakhala mapulosesa ena opanda kagawo kameneko, sikirini ikanangoda, ndikanadziwa tsiku loyamba lomwelo. Mnyamatayo anatsegula chitseko cha m'mbali n'kuloza bowo la timano 8 pamsana pa graphics card, lopanda chingwe chilichonse. Khadi yodya mawati 170 ija, yomwe inadya ndalama zambiri kuposa china chilichonse m'bokosimo, inali isanalaweko magetsi ake. Mafani ake osazungulira aja ine ndinkauza aneba kuti ndi luso lamakono, amazungulira pokhapokha ikatentha. Makhadi ambiri amachitadi zimenezo, n'chifukwa chake bodzalo ndinalikhulupirira ndine ndemwe.

Kenako anamasula cooler ya pulosesa. Pansi pake panali kapulasitiki konyezimira, kolembedwa kuti chotsani musanamange, ndipo pamwamba pa kapulasitikiko ndinali nditapaka thermal paste mosamala kwambiri, kadontho kamodzi pakati, monga amaphunzitsira. Mnyamata uja analuma mlomo wam'munsi, mapewa akugwedezeka. Analeredwa bwino, sanaseke mokweza. Mayi a kunyumba, omwe anaima pakhomo atapinda manja, ndi amene analankhula.

"Safunsa anadya phula, bambo. Ndiye ngongole yanga ija imangogona m'bokosimu?"

Zonse zitalumikizidwa bwino, makinawo anasanduka chilombo. Vidiyo yomwe inkadya usiku wonse inkatha ndisanamalize kusamba. Ndinasangalala mpaka madzulo ena magetsi atathima ndili pakati potulutsa vidiyo ya chinkhoswe. Ka UPS kanga ka 650VA, kogula kwa anthu omwe ankatseka ofesi, kanalira kawiri n'kufa. Ine ndinkayesa kuti 650 imeneyo ndi mawati, koma ka UPS kotere kamapereka osafika 400, ndipo batire lake linali litatha kale ntchito. Pamene khadi inali m'tulo kankakwanitsa. Itadzuka, kanagonja.

Poyatsanso kompyutayo, gemu ya mpira inadzitsegula yokha, nyimbo zake pamwamba, mayi a kunyumba ali pambali panga ndi kabuku ka banki nkhonde m'manja. Anayang'ana sikirini, anayang'ana ine. Anaitana mnyamata uja n'kumufunsa ngati n'zotheka kutsekera magemu ndi pasiwedi, iye anati n'zotheka, azakhali. Panopa pasiwediyo amaidziwa anthu awiri, ndipo ine sindili m'gulumo. Ndimaloledwa kusewera Lamlungu masana, ngati sabata imeneyo ndabweza gawo la ngongole, ndipo woyamba kugwira controller amakhala mnyamatayo, poti ndiye malipiro ake. Alamu ndinawatumizira chambo chouma popanda kufotokoza chifukwa. Ngati pali wofuna DDR4 ya 32GB, ndikugulitsa, kamtengo kamodzi kali ndi kachipsera pang'ono m'mphepete.