Dzuwa laphulika, atero a ku Chisokone

Mphekesera ya mu Meyi 2024 inafika ku Kitwe isanafike minibasi yoyamba yochokera ku Ndola: dzuwa laphulika. Pamsika wa Chisokone, mayi wina wogulitsa kapenta sanadabwe n'komwe. Anati dzuwa lomwe linapsereza chimanga chaka chomwecho silingalephere kuchita misala ina. Mnyamata wokonza mafoni ndiye anadyerapo. Foni iliyonse yokana kutchaja ankaitembenuza kawiri, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti yapsa ndi dzuwa, mtengo n'kukwera.

Ku Masala, ku Ndola, madala a pansolo anagwirizana kuti kuzimazima kwa magetsi kwapezeka mwini wake. Wophunzira wina wa ku Copperbelt University, yemwe ankangodikira kuti amumete, anayesa kuwongola nkhani. Anati kuphulikako n'koona, ndipo chimphepo cha maginito cha pa 10 ndi 11 Meyi chinali champhamvu kuposa china chilichonse chichokere 2003. Kung'anima kwa dzuwa kumatipeza pa mphindi 8 zokha, koma mpweya wotentha umene dzuwa limalavula umatenga tsiku limodzi mpaka atatu kuti udutse makilomita 150 miliyoni. Nthawi zina mumpweyamo mumakhala maginito opotana ngati chingwe cha khonje. Umenewo ndiwo mtambo wa maginito, dzina limene Leonard Burlaga ndi anzake anaupatsa mu 1981.

Apa wometa anaimitsa makina. Mtambo wopanda mvula, mwana wanga, ngwantchito yanji?

Wophunzirayo sanagonje. Anati malavu ambiri a dzuwa amatiphonya, ndipo mwa amene amatipeza, pafupifupi limodzi mwa atatu alionse ndi lomwe limaoneka ndi mtambo wotere. Ngakhale ukafika, nkhani imagona pa kumene maginito ake aloza. Akaloza kumpoto, amadutsa osavuta kwenikweni. Akaloza kummwera, amalumikizana ndi a dziko lathu, mphamvu n'kulowerera m'mawaya ataliatali a magetsi. Ndi mmene Quebec inakhalira mumdima maola 9 mu Malichi 1989, ndipo mu 2003 matiransifoma a Eskom ku South Africa anaonongeka. Kwa anthu okhala m'tauni imene migodi yake imapopa madzi usana ndi usiku, izi si zoseketsa kwenikweni.

Koma mdima wathu, anatero wophunzirayo, unachokera ku damu la magetsi la Kariba, kumene madzi anaphwa ndi chilala. Madala sanakondwe nazo. Dzuwa linali lokoma kuliimba mlandu.

Wina wa ku Chamboli, ku Kitwe, atamva kuti ku Namibia ndi ku South Africa anthu anaona thambo litafiira usiku, anadandaula kuti iye anagona panja usiku womwewo koma anangoona udzudzu. Mnzake, atauzidwa kuti ku Hermanus, ku South Africa komweko, kuli akatswiri a bungwe la zamlengalenga la SANSA olondera dzuwa maola 24, anafunsa ngati akulemba ntchito, poti iye ulonda anayamba kalekale.